Dzina lili pabotolo lanu: mmene mungalilembetsere kuno ku Harare

Ndimapanga chiponde ku Tafara, chija anzathu Achishona amati dovi. Ndinayamba ndi ndowa imodzi ya mtedza wogula ku Mbare Musika, makasitomala anga ali amayi akumpingo ndi anthu a mumsewu mwathu. Malonda atayamba kuyenda ndinalembetsa PBC (Private Business Corporation, mtundu wa kampani yaing'ono), ndinatenga laisensi ya khonsolo, ndinalongosola za ZIMRA, kenako ndinasindikizitsa malebulo odzaza katoni. Madzulo a tsiku limene ndinabwera nawo, amalume anga anatola lebulo limodzi n'kulitembenuza uku ndi uku. Iwowa anagwira umesenjala kwa maloya mtauni zaka zambiri, ndipo mapepala amawadziwa.

"Naphiri, dzinali munalilembetsa?"

"Eya amalume, satifiketi ya kampani ili m'kabatimo."

"Sindikunena za kampani. Ndikunena dzina lili pabotolopa."

Patatha masabata atatu ndinadziwa kuti munthu wina anali atalembetsa kale dzina losiyana ndi langa ndi chilembo chimodzi chokha, pa zakudya za mtundu womwewo. Katoni ija sinagwire ntchito. Ndinasankha dzina lina, n'kuyambanso kuuza makasitomala mmodzimmodzi kuti chipondechi n'chomwe chija. Zimene ndalemba apazi ndi njira imene ndinayenda ulendo wachiwiriwo.

Choyamba, dziwani zimene mapepala anu sachita

Satifiketi ya kampani kapena ya PBC imaletsa wina kulembetsa kampani ya dzina lomwelo, basi. Siikupatsani mphamvu pa dzina limene mwamata pa katundu. Laisensi ya khonsolo ndi ya malo, pepala la ZIMRA ndi la msonkho. Tsamba la Facebook, nambala ya WhatsApp imene aliyense amaidziwa, ngakhale adiresi ya pa intaneti yothera ndi .co.zw, zonsezi sizikusandutsani mwini dzina. Chimene chimateteza dzina, logo kapena mawu a malonda ndi trademark, chizindikiro cha malonda, ndipo lamulo lake ndi Trade Marks Act, Chapter 26:04. Kaundula wake ali ku Zimbabwe Intellectual Property Office, ZIPO, pansi pa unduna wa zachilungamo.

N'zoona kuti amene wagwiritsa ntchito dzina kwa nthawi yaitali osalilembetsa sali chimanjamanja. Akhoza kusumira womutengera, pa mlandu umene maloya amati passing off. Koma pamenepo ayenera kutsimikizira khoti kuti anthu amalidziwa dzinalo ngati lake, ndiponso kuti akusokonezeka. Umboni wotero umafuna mboni, malisiti a zaka, ndi ndalama za loya zimene wamalonda wa ku Glen View kapena ku Siyaso sangazione. Wokhala ndi satifiketi amangoitulutsa.

Chachiwiri, sankhani dzina loti likhoza kulembetsedwa

Apa m'pamene ambiri timagwera, choncho ndikhalapo pang'ono. Mtima wa wamalonda umafuna dzina lonena chimene akugulitsa: Chiponde Chokoma, Mipando Yolimba, Fresh Fish. Maina otere ofesi imawakana, chifukwa mawuwo ndi a aliyense. Ngati ine nditapatsidwa mawu oti chiponde chokoma, mnzanga wa ku Mabvuku amene chiponde chake n'chokomanso azinena chiyani? Chimodzimodzi mawu otamanda monga best, super kapena original, ndiponso dzina la malo lokhalokha, monga Mbare kapena Nkhotakota. Dzina la mtundu lokha, Banda kapena Phiri, nalonso limavuta, poti a Banda ndi a Phiri ndi ambiri ndipo aliyense ali ndi ufulu wochita malonda m'dzina lake.

Ena amaganiza kuti akalemba mawuwo m'Chichewa, a ku ofesi sadziwa kuti akungofotokoza katundu. Musadalire zimenezo. Mawu akakhala osati Achingelezi yembekezerani kufunsidwa tanthauzo lake, ndipo Chichewa si chilankhulo chachilendo kuno: malamulo aakulu a dziko a 2013 anachiika pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma. Chichewa chathu chimathandiza mwa njira ina. Muli mawu ambiri okoma m'kamwa amene sakhudzana n'komwe ndi katundu wanu: dzina la mbalame pa sopo, dzina la mtengo pa zovala, mawu a gule pa tsabola. Dzina lotere ndi lamphamvu, ndipo m'masitolo a Harare limaoneka lachilendo moti munthu amalikumbukira. Lamphamvu koposa ndi lopeka, losapezeka m'chilankhulo chilichonse, monga anachitira a Kodak.

Mukalipeza, litchuleni mokweza kwa Mshona ndi kwa Mndebele musanalikonde kwambiri. Mawu abwinobwino kwathu akhoza kumveka ngati chipongwe kwa iwo, ndipo iwowo ndiwo ogula ambiri.

Pewani mbendera, chizindikiro cha boma, mbalame ya Zimbabwe monga ilili pa zinthu za boma, ndi mtanda wofiira. Pewaninso kuyandikira dzina lotchuka poganiza kuti kusintha chilembo chimodzi kukupulumutsani. Funso limene ofesi imafunsa si lakuti mainawo ndi ofanana ndendende, koma ngati mayi wogula mothamanga, mwana ali kumsana, angasokoneze chimodzi ndi chinzake, kaya pakuona kaya pakumva.

Chachitatu, pezani gulu la katundu wanu

Dzina silitetezedwa pa chilichonse. Limatetezedwa pa katundu kapena ntchito zimene mwatchula, ndipo zimenezi zinagawidwa m'magulu 45 a dongosolo lotchedwa Nice Classification, limene maiko ambiri amatsata. Magulu 1 mpaka 34 ndi a katundu, 35 mpaka 45 ndi a ntchito. Ku ofesi amati class.

Chiponde chili m'gulu 29, pamodzi ndi usipa ndi matemba ouma, mkaka ndi mafuta ophikira. Tsabola wa m'botolo, ufa, mpunga, buledi ndi tiyi zili mu 30. Maheu, thobwa ndi zakumwa zozizilitsa kukhosi zili mu 32, mmene mulinso mowa wa mtundu wa biya. Sopo ndi mafuta odzola ndi 3, mipando ndi makabati ndi 20, nsalu ya chitenje ndi 24, koma chitenjecho chikasokedwa n'kukhala diresi chalowa mu 25. Telala amene amasoka zimene kasitomala wabweretsa ali mu 40. Shopu yogulitsa katundu wa ena ndi 35, omanga ndi okonza galimoto 37, onyamula katundu 39, lesitilanti ndi ophika pa maukwati 43, saluni 44.

Ku ZIPO gulu lililonse limafuna fomu yake ndi ndalama zake. Choncho musatenge magulu asanu chifukwa cha maloto. Tengani limene mukudyerapo lero, ndi lina limodzi ngati mukudziwa kuti chaka chamawa mulowamo. Ine ndinayamba ndi 29, ndipo 30 ndinawonjezera nditayamba kuphika tsabola. Polemba katunduyo tchulani mwachindunji. Mawu oti zakudya zonse adzakubwezerani.

Chachinayi, fufuzani musanasindikize kanthu

Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya pa sitepe imeneyi. Kufufuza kuli pawiri. Kwaulere mukhoza kuyamba nokha pa foni: lembani dzinalo pa Google ndi pa Facebook, yendani m'masupamaketi ndi m'matakishopu a kumunsi kwa tauni mukuwerenga mashelefu, kenako tsegulani Global Brand Database ya WIPO, bungwe la dziko lonse loona za umwini wa nzeru ndi zizindikiro, ndi kaundula wa pa intaneti wa ARIPO, bungwe lotere la maiko a mu Africa. Musalembe dzina lanu lokha. Yesani kalembedwe kena: l m'malo mwa r, k m'malo mwa c, mawu olumikiza ndi olekanitsa. Dzina limene linandigwetsa ine linasiyana ndi langa pa l ndi r, zilembo zimene ife Achewa timazitchula ngati chimodzi.

Kufufuza kwenikweni ndi kwa ku ZIPO, kumene mumalipira kuti aone m'kaundula wa dziko, m'gulu lanu ndi magulu oyandikana nalo. Chifukwa chofufuzira malo onsewa n'chakuti dzina likhoza kukhala lotetezedwa mu Zimbabwe kudzera m'makomo atatu: ZIPO, ARIPO, kapena dongosolo la Madrid lolembetsera dzina m'maiko ambiri kudzera ku WIPO, limene dziko lino linalowa mu 2015. Kampani ya ku Nairobi kapena ku Dubai imene simunaimvepo ikhoza kukhala ndi dzinalo kuno isanagulitse ndi botolo limodzi lomwe.

Mukapeza dzina lofanana m'gulu lakutali, monga lanu lili pa chiponde pomwe lawo lili pa matayala, kawirikawiri palibe vuto, pokhapokha likhale dzina lotchuka kwambiri. Mukalipeza m'gulu lanu, lisiyeni. Zimawawa, koma kusintha dzina lili papepala n'kotchipa kusiyana ndi kusintha lili pa chikwangwani, pa galimoto ndi m'mitu mwa makasitomala.

Chachisanu, sankhani khomo: ZIPO kapena ARIPO

Ngati malonda anu athera mu Zimbabwe, pitani ku ZIPO. Ndiyo njira yotsika mtengo.

Koma ambiri a ife tili ndi mwendo wina kumudzi. Katundu amakwera basi, kudutsa Nyamapanda, Tete, Mwanza, mpaka Blantyre, ndipo mlongo wathu amamugulitsa ku Limbe. Satifiketi ya ZIPO mphamvu yake imathera pa Nyamapanda. Dzina lanu likayamba kudziwika ku Malawi, wina akhoza kukalilembetsa ku ofesi ya boma yolembetsa zizindikiro kumeneko, inu n'kukhala mlendo pa dzina lanu lomwe.

Mwayi wathu ndi wakuti likulu la ARIPO, bungwe la maiko a mu Africa loona za umwini wa nzeru ndi zizindikiro, lili konkuno, pa 11 Natal Road ku Belgravia. Linakhazikitsidwa ndi pangano la ku Lusaka la 1976. Za zizindikiro zamalonda zimayendera pangano lina, Banjul Protocol la 1993, limene linayamba kugwira ntchito mu 1997, Malawi ndi Zimbabwe ali m'gulu la maiko oyambirira. Mozambique inalowa mu 2020, kutanthauza kuti maiko onse atatu amene basi ija imadutsa mukhoza kuwatenga ndi fomu imodzi. Botswana, Namibia, Lesotho ndi Eswatini alimonso. Pa fomuyo mumasankha maiko amene mukufuna, ndipo magulu angapo amalowa pa fomu yomweyo. Malipiro ndi a madola a ku America, ndipo amakwera malinga ndi kuchuluka kwa maiko ndi magulu. Dziko lililonse limene mwasankha limaunika palokha, motero Malawi ikhoza kuvomera pomwe Mozambique yakana.

South Africa simuipeza pamenepo. Si membala wa ARIPO, ndipo wofuna kuteteza dzina ku Johannesburg ayenera kulembetsa ku CIPC ya komweko. Za Madrid, zimene zimafikitsa dzina ku Ulaya ndi kwina kudzera ku WIPO ku Geneva, muziganize mukayamba kutumiza katundu kutali. Zimafuna kuti mukhale mutayamba mwapereka fomu kapena mwalembetsa kwanu.

Chachisanu ndi chimodzi, dzazani fomu

Fomuyo si yaitali. Imafuna dzina ndi adiresi ya mwini, adiresi ya mu Zimbabwe yolandirirapo makalata, chithunzi chooneka bwino cha chizindikirocho, gulu, ndi mndandanda wa katundu. Wokhala m'dziko muno akhoza kukapereka yekha. Akhozanso kutuma loya kapena ejenti wa trademark, amene amamusainira kalata yomupatsa mphamvu. Maganizo anga ndi akuti ngati dzina ndi lopeka, gulu ndi limodzi, ndipo kufufuza sikunaonetse chofanana nalo, pitani nokha. Ngati pali dzina loyandikira, kapena mukupita ku ARIPO ndi maiko angapo, ndalama ya loya siipita pachabe. Mitengo ya ku ofesi imasinthasintha, choncho pemphani mndandanda wa tsikulo, lipirani pa kauntala kapena ku akaunti ya ofesi, ndipo musapatse ndalama munthu wokupezani pakhomo n'kukulonjezani kuti zituluka msanga.

Pali zinthu zitatu zofunika kuziganizira cholembera chisanagunde pepala.

China ndi ichi: mulembetsa mawu, logo, kapena zonse? Mawu okha, olembedwa m'zilembo wamba, ndiwo amateteza kwambiri, chifukwa amagwira dzinalo m'kalembedwe kalikonse. Logo imasintha zaka zikamapita. Ngati ndalama ikukwana fomu imodzi, yambani ndi mawu. Ngati mukulembetsa logo, kuipereka yakuda ndi yoyera osatchula mtundu kumaiteteza m'mitundu yonse.

Chinanso ndi mnyamata amene anakujambulirani logo pa kompyuta. Kumulipira sikutanthauza kuti chojambulacho chasanduka chanu pa lamulo la copyright. Mulembereni kapepala konena kuti umwini wonse wa chithunzicho waupereka kwa inu, asaine, pakhale deti ndi mboni. Chitani zimenezi mudakali pa ubale wabwino.

Chachikulu pa zitatuzi ndi dzina la mwini. Malonda athu ambiri ndi a pabanja: mpamba unachokera kwa achimwene a ku Joni, ophika ndi inu, wopita mtauni ndi mlamu. Amene dzina lake lalembedwa pa fomu ndiye mwini, kaya mtedza amakazinga ndani. Ndinaonapo amayi ena akumpingo atataya dzina la malonda awo a makeke banja litatha, chifukwa amene anapita ku ofesi anali bambo, ndipo analemba dzina lawo. Khalani pansi, mugwirizane. Mukalemba kampani kapena PBC, dzinalo ndi la kampaniyo, ndipo mukadzaigulitsa lidzapita nayo. Mukalemba dzina lanu, mukhoza kuibwereka kampaniyo mwa pangano lolembedwa. Njira zonse ziwiri ndi zabwino, bola zichitike mukudziwa.

Mukapereka fomu ndi ndalama, mudzalandira nambala ndi deti. Detilo ndi chuma. Wobwera pambuyo panu ndi dzina lofanana ali kumbuyo kwanu pa mzere, ndipo satifiketi ikadzatuluka, chitetezo chake chimawerengedwa kuchokera tsiku limenelo. Jambulani lisiti ndi fomu yodindidwayo pa foni, tumizani kwa munthu wina wodalirika, ndipo zenizenizo muziike m'pulasitiki.

Chachisanu ndi chiwiri, dikirani, koma osagona

Ofesi imayamba yaona ngati mapepala ali bwino, kenako imaunika dzinalo: kodi likusiyanitsa katundu wanu ndi wa ena, kodi silikusocheretsa anthu, kodi silikugundana ndi lina? Zimatenga miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Komabe muzipitako kapena kuimba mukutchula nambala yanu, ndipo mukasamuka nyumba kapena shopu kawauzeni adiresi yatsopano. Kalata ya ofesi imabwera ndi nthawi yoti muyankhe, ndipo mukapanda kuyankha pempho lanu limatengedwa ngati mwalisiya.

Kalata yokayikira si mapeto. Kawirikawiri amangofuna kuti muvomere kuti mawu ena a m'chizindikirocho si anu nokha. Ine anandiuza kuti ndilembe kuti sindikutenga mawu oti peanut butter amene anali pansi pa logo, ndipo ndinavomera tsiku lomwelo. Nthawi zina amafuna muchepetse mndandanda wa katundu. Akanena kuti dzina lanu likufanana ndi la wina, pamenepo funani loya, poti yankho lake limafuna mfundo za lamulo.

Likavomerezedwa, dzinalo limalengezedwa mu Journal ya ofesiyo, ndipo pali ndalama yolipira pa kulengezako. Kuchokera tsiku limenelo aliyense ali ndi miyezi iwiri yoti atsutse. Makampani akuluakulu ali ndi maloya amene ntchito yawo ndi kuwerenga Journal imeneyi. Wina akatsutsa, mudzapatsidwa mpata woyankha, ndipo nkhani zambiri zimatha pokambirana, wina n'kuvomera kuchotsa katundu wina pa mndandanda wake. Popanda wotsutsa, mumalipira ndalama yomaliza n'kulandira satifiketi.

Pa nthawi yonse yodikirayi malonda asaime. Mukhoza kuika timalemba ta TM pambali pa dzina, tosonyeza kuti mukulitenga ngati chizindikiro chanu. Chilembo cha R chozunguliridwa, ®, n'cha amene satifiketi yatuluka. Kuchiika musanalembetse ndi mlandu, ngakhale osindikiza ena amangochiika poganiza kuti chikukongoletsa lebulo. Yang'anani pulufu musanawalole kusindikiza.

Satifiketi ili m'manja

Imakhala zaka 10 kuchokera pa deti lija munapereka fomu, ndipo mukhoza kuikonzanso zaka 10 zilizonse mpaka kalekale. Koma dzina losagwiritsidwa ntchito kwa zaka 5 zotsatizana wina akhoza kupempha kuti lifafanizidwe. Choncho ligwiritseni ntchito monga munalilembetsera, ndipo sungani umboni: mainvoisi okhala ndi dzinalo, lebulo limodzi la chaka chilichonse, zithunzi za katundu ali pa shelefu, lisiti la tebulo limene munalipira ku Agricultural Show. Ine ndili ndi envulopu ya khaki imene ndimaponyamo zoterezi Disembala aliyense.

ZIPO siyenda m'misika kukulonderani dzina. Mlonda ndinu, pamodzi ndi makasitomala anu, amene nthawi zambiri ndiwo amayamba kuona. Mukamva kuti wina akugulitsa katundu wa dzina lanu, musathamangire kukalalata kapena kumuyalutsa pa Facebook. Tumani munthu akagule botolo limodzi, atenge lisiti ngati lilipo, ajambule malowo. Kenako loya alembe kalata yomuuza kuti asiye, ataphatikapo kope la satifiketi. Ambiri amasiyira pomwepo, chifukwa ena mwa iwo sanadziwe n'komwe, monga mmene ine sindinadziwire. Wokanika, High Court ikhoza kumuletsa ndi kumulamula kulipira.

Mukalola wina kugwiritsa ntchito dzinalo, kaya ndi mphwanu amene watsegula nthambi ku Chitungwiza, lembani pangano lonena katundu wake, nthawi yake ndi kapangidwe kamene ayenera kutsata, ndipo mukalilembetse ku ofesi. Mukagulitsa dzinalo kapena kusintha dzina la kampani, kaundula asinthidwenso. Chizindikiro cha malonda ndi katundu ngati nyumba, chimalowa m'chuma cha masiye, motero chitchuleni mu wilo.

Deti lokonzanso lilembeni pamalo atatu: pa envulopu ija, mu foni, ndi kuchikuto kwa buku la malonda. Zaka 10 ndi zambiri, foni idzakhala itasintha kangapo, ndipo kalata yokukumbutsani ikhoza kupita ku nyumba imene munachokako kale. Langa ndinauzanso mwana wanga wamkazi wamkulu, ndipo akudziwa shelefu ya m'kabati pamene pali satifiketi.